Tisakakamize ana athu kuyankha foni ali pa msewu



Lero tikambirane za ana athu akuluakulu, aja tinawatumiza ku Tete, ku Ulónguè ndi ku Chitima kuti akaphunzire. Ena ali ku Universidade Púnguè, ena ku Instituto Superior Politécnico de Tete, ena ku UniZambeze, ena ali ku IFP kukonzekera uphunzitsi. Ambiri mwa iwo alibe galimoto. Cimene amayendera ndi mota: yawo, yobwereka kwa acimwene awo, kapena ya bwana amene amawapatsa kuti azinyamula anthu madzulo, apezeko ndalama ya propina ndi ya nyumba. Ndipo pafupifupi aliyense ali ndi foni m'thumba. Mota ndi yabwino, foni ndi yabwinonso. Vuto limabwera ziwirizi zikakumana nthawi imodzi m'manja mwa munthu mmodzi. Ndi pamene timamva kuti mwana wa uje wagonekedwa kucipatala, kapena kuti anthu akusonkha ya bokosi.

Tikamva nkhani zotere timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ndi osamva. Zoona, woyendetsa amene akulemba uthenga ali pa liwiro ndi wolakwa, ndipo sindimuikira kumbuyo. Koma uthenga uliwonse uli ndi mwini wake amene wautumiza. Nthawi zambiri wotumizayo ndi ife: bambo, mayi, mphunzitsi, cibwenzi, kasitomala. Ndifenso amene timakwiya yankho likacedwa. Maganizo anga ndi akuti mwana sangasiye kugwira foni pa msewu ngati ife sitinamuuze momveka bwino kuti kucedwa kuyankha si mwano.

Tiyambe ndi masamu, poti ambiri pano ndife aphunzitsi. Mota imene ikuyenda makilomita 40 pa ola imadutsa mamita 11 pa sekondi imodzi. Ikafika makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Tsopano tengani foni yanu muli cikhalire, mutsegule WhatsApp, muwerenge uthenga wa mizere iwiri, mulembe kuti "ndikubwera", mutumize. Wina akuwerengereni nthawi. Mupeza kuti masekondi 5 apita, mwinanso kuposa. Pa liwiro la 40, masekondi 5 ndi mamita 55. Pa liwiro la 60 ndi mamita 83, kutsala pang'ono kumaliza bwalo lonse la mpira kucokera pa golo ina kufika pa inzake. Mtunda wonsewo munthu wayenda maso ali pa foni. Palibe kholo limene lingalole mwana wake kuyendetsa mota atamangidwa nsalu kumaso kudutsa bwalo la mpira, koma zimene zimacitika ndi zomwezo.

Ndiye ganizirani zimene zimapezeka pa mamita 83 a misewu yathu. Pa N7, kucokera ku Tete kudutsa Moatize kukafika ku Zóbuè, pamayenda magalimoto akuluakulu a katundu opita ku Malawi. Galimoto yotere ikalemedwa siima pomwepo ngakhale woyendetsa atakuonani. Mumzinda wa Tete muli chapa zimene zimaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, muli txopela, njinga zakapalasa, ndi mbuzi zimene sizidziwa lamulo la msewu. Pa msewu wocokera ku Mussacama kupita ku Ulónguè ndi ku Calómuè pali ngolo za ng'ombe zonyamula cimanga ndi mbatata, amayi osenza mitolo ya nkhuni, ndi nkhungu ya m'mawa m'miyezi yozizira. Pali maenje amene dzulo panalibe. Koposa zonse pali ana athu ang'onoang'ono a 1ª ndi 2ª classe, oyenda m'mphepete mwa msewu m'magulu, amene mmodzi akathamanga onse amathamanga. Mwana wa zaka 6 sadziwa kuyeza liwiro la cinthu cimene cikubwera. Amadalira kuti wamkulu amene ali pa mota akumuona.

Kulemba uthenga kumalanda zinthu zitatu nthawi imodzi: maso, dzanja ndi maganizo. Za maso tanena. Za dzanja, aliyense woyendetsa mota akudziwa kuti palibe dzanja lopuma. Lamanja ndi limene limapatsa moto ndiponso limagwira buleki ya kutsogolo, imene imacita mbali yaikulu ya nchito yoimitsa mota. Lamanzere limagwira kilachi, imene ena timati embraiagem, ndipo ndi lomwelo limaliza huta ndi kuyatsa magetsi osonyeza kumene ukukhotera. Wolemba uthenga amacotsa dzanja lamanzere. Cinthu cikatulukira mwadzidzidzi, amakoka buleki ndi dzanja limodzi, thupi lonse limakankhira mbali imodzi ya cogwirira, tayala la kutsogolo limapotoka, munthu n'kugwa. Wa galimoto ali ndi matayala anayi ndi citsulo comuzungulira. Wa mota ali ndi khungu lake ndi mafupa ake basi.

Za maganizo ndiye zimene ambiri sakhulupirira, conco tione zimene ofufuza anapeza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene timalidziwa kuti OMS, limanena kuti woyendetsa amene akugwiritsa nchito foni amakhala pa ciopsezo ca ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwira. M'caka ca 2009 ofufuza a ku Virginia Tech Transportation Institute ku America anatulutsa zimene anaona ataika makamera m'magalimoto akuluakulu a katundu n'kumajambula madalaivala pa maulendo awo enieni. Anapeza kuti pamene dalaivala akulemba uthenga, ciopsezo coti acite ngozi kapena atsale pang'ono kuicita cimakwera ka 23. Anapezanso kuti pa masekondi 6 alionse a kulembako, maso amakhala kunja kwa msewu pafupifupi masekondi 4,6. Amenewo anali madalaivala a nchito, odziwa msewu zaka zambiri. Nanga mwana wathu amene waphunzira mota caka catha pa bwalo la sukulu?

Wophunzira wa ku yunivesite adzakuyankhani kuti: "Amenewo ndi madala, ine foni ndinakula nayo, ndimalemba osayang'ana." Yankho limeneli linayesedwa kale, ndipo linayesedwa pa ophunzira anzake. Ku University of Utah, Jason Watson ndi David Strayer anatenga ophunzira 200 n'kuwaika pa makina oyeserera kuyendetsa galimoto, uku akuwapatsa pa foni mawu oti akumbukire ndi masamu oti awerengere. Zotsatira zinatuluka m'caka ca 2010: anthu 5 okha pa 200 ndi amene anatha kucita ziwirizo popanda kulakwitsa kwambiri. Ena onse ankacedwa kuponda buleki, ndipo kukumbukira kwawo ndi masamu awo zinatsika. Kafukufuku wina wa pa yunivesite yomweyo, wa m'caka ca 2013, anasonyeza cinthu coseketsa koma coopsa: amene amakonda kucita zinthu zambiri nthawi imodzi, n'kumadzitama kuti amatha, kawirikawiri sanali amene anakhoza bwino atayesedwa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ubongo sucita zinthu ziwiri zofuna kuganiza nthawi imodzi. Umadumpha kucoka pa ici kupita pa ico, ndipo pa kudumpha kulikonse pamatayika kanthawi.

Palinso cina. Munthu angathe kuyang'ana cinthu koma osaciona. M'caka ca 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris anaonetsa anthu kanema wa acinyamata akuponyerana mpira, n'kuwauza kuti awerenge kuti ovala zoyera apatsirana kangati. Pakati pa kanemayo panadutsa munthu atavala ngati nyani wamkulu uja wochedwa gorila, anaima pakati, n'kudziguguda pacifuwa. Pafupifupi theka la oonerawo sanamuone. Maso anali pomwepo, koma maganizo anali pa kuwerenga. N'cifukwa cake pambuyo pa ngozi timamva mawu akuti "anangotulukira, sindinamuone". Kawirikawiri wonenayo sakunama. Mwanayo analipo ndithu m'mphepete mwa msewu, koma mutu wa woyendetsa unali pa yankho limene amalemba.

Aphunzitsi anzanga, izi mungathe kuzisonyeza m'kalasi popanda cipangizo ciliconse. Itanani wophunzira mmodzi. Awerenge manambala kuyambira 1 mpaka 10 mofulumira, kenako achule zilembo kuyambira A mpaka J. Wina awerenge nthawi. Kenako muuzeni kuti asakanize: 1 A, 2 B, 3 C, mpaka 10 J. Manambala ndi omwewo, zilembo ndi zomwezo, koma nthawi imatalika ndipo ambiri amasokonezeka akafika pakati. Kalasi yonse imaseka. Akamaliza kuseka afunseni kuti: ngati mutu ukuvutika ndi A, B, C uli cikhalire pa benci, ungathe bwanji kulemba uthenga ndi kuyang'anira msewu wa Moatize nthawi imodzi? Phunziro limeneli limalowa kwa mwana wa 5ª classe, limalowanso kwa wa caka cacitatu ku yunivesite.

Ena amati apeza njira: salemba, amatumiza mawu ojambula, kapena amalowetsa foni m'kati mwa kapaseti n'kumayankhula manja onse ali pa cogwirira. Ndi bwinoko kusiyana ndi kulemba, pakuti maso ndi manja zabwerera. Koma maganizo sanabwerere. Strayer yemwe uja ndi anzake anasonyeza m'caka ca 2006 kuti oyankhula pa foni, kaya aigwira m'manja kaya ayi, ankayendetsa molakwitsa mofanana ndi anthu amene amwa mowa kufika pa malire a lamulo la ku America. Munthu amene mwamunyamula kumbuyo amaona msewu womwewo, ndipo akaona galimoto ikubwera amakhala cete kapena amakucenjezani. Amene ali pa foni saona kanthu. Amapitiriza kufunsa za ndalama ya fetereza pamene inu mukulowa pa mlatho wa Samora Machel. Ndiponso wa mota amadalira makutu kuti adziwe cimene cikubwera kumbuyo. Akatseka makutu onse awiri ndi nyimbo wataya mlonda wake.

N'cifukwa ciyani ndikukamba za ophunzira makamaka? M'caka ca 2023 OMS inanena kuti anthu pafupifupi 1,19 miliyoni amafa pa misewu caka ciliconse, ndipo ngozi za pa msewu ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29, kuposa matenda alionse. Africa ndi cigawo cimene ciwerengero ca imfa zotere, poyerekeza ndi kuculuka kwa anthu, ndi cokwera kuposa zigawo zonse. Ophunzira athu ali m'kati mwa zaka zimenezo. Sanayendetse nthawi yaitali, ndiye sanazolowere kuona ngozi isanafike. Komanso moyo wawo wonse uli mu foni. Kusintha kwa nthawi ya phunziro kumabwera pa gulu la turma. Pauta ikatuluka imajambulidwa n'kutumizidwa pomwepo. Ndalama yocokera kumudzi imalowa pa M-Pesa kapena e-Mola. Kasitomala wa táxi-mota amaitana pa foni yomweyo. Foni ikanjenjemera m'thumba, mwana sadziwa ngati ndi nthabwala ya mnzake kapena ndi nkhani yoti teste yasunthidwa kubwera lero. Ndiye amaitulutsa kuti angoona.

Apa ndi pamene ife tikulowa. Kwathu kuno mwana amaphunzitsidwa kuyankha asanaphunzire kuwerenga. Wamkulu akaitana, mwana amati "wawa" kapena "ee, amayi", n'kusiya cimene akucita, n'kubwera. Woitanidwa kawiri amafunsidwa ngati makutu ali nawo. Ndi mwambo wabwino, ndipo sindikufuna kuti uthe. Koma mwambo umenewu unapangidwa pamene woitana ankaona woitanidwa. Mayi sankaitana mwana amene ali pamwamba pa mtengo wa mango kuti athamange, kapena amene wanyamula mphika wa madzi otentha. Ankadikira kuti atsike, ankadikira kuti atule. Foni yacotsa maso a woitana. Bambo ali ku Domwe kapena ku Tsangano akuimba, sadziwa kuti mwana ali pakati pa magalimoto awiri a malasha. Mwana naye akaona dzina la bambo ake pa foni, thupi lonse limamuuza zimene tinamuphunzitsa ali wamng'ono: yankha msanga.

Ndiye taonani zimene timacita yankho likacedwa. Timaimbanso kaciwiri, kacitatu, kacinayi. Timalemba kuti: "Ndakuona uli online." Timaona timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, n'kuyamba kuwerenga mphindi. Madzulo timamulandira ndi mawu akuti: "Sukulu yakukuza mtima eti, masiku ano suyankha foni ya amako?" Cibwenzi naco cimafunsa kuti unali ndi ndani. Mwana amaphunzira msanga kuti kusayankha kuli ndi mlandu wotsimikizika, pamene ngozi ndi ya mwina. Munthu aliyense amathawa mlandu umene akuuona. Wayankha ali pa liwiro maulendo 100 osagwa, ndiye akuganiza kuti ndi luso. Koma tsoka silinunkha, ndipo ulendo wa 101 sufanana ndi enawo cifukwa coti pa ulendo umenewo mbuzi yadumpha.

Ife aphunzitsi tili ndi gawo lathunso. Uthenga wosintha cipinda kapena nthawi ya phunziro ukatumizidwa kutatsala mphindi 15, umapeza ophunzira ali pa msewu. Amene atumizidwa ku estágio m'masukulu a kutali amayenda m'mawa, nthawi yomweyo imene magulu a WhatsApp amadzaza ndi malangizo. Wotsogolera akalemba kuti "aliyense atsimikize kuti walandira, tsopano lino", sanaganize zoipa, koma walamula anthu 40 kuti agwire foni, ndipo ena mwa iwo ali pa mota. Wophunzira amaopa mphunzitsi amene ali ndi mphamvu pa manotsi ake kuposa mmene amaopera dzenje la pa msewu.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Anganene kuti foni si imene ikupha anthu ambiri kuno, kuti vuto ndi misewu yokumbika, liwiro, mowa, magalimoto opanda magetsi, ndi anthu oyendetsa opanda carta. Zonsezo ndi zoona ndipo ziyenera kukonzedwa. Koma taganizani: msewu ukakhala woipa ndi pamene maso akufunika kwambiri. Pa msewu wosalala, wotakata, wopanda oyenda pansi, masekondi 5 angathe kudutsa popanda kanthu. Pa msewu wathu sangadutse. Ndiponso dzenje la pa N7 silingatsekedwe ndi kholo la ku Macanga sabata ino, pamene foni ingathe kukhala m'cikwama kuyambira mawa m'mawa popanda kulipira metikali imodzi. Pa zinthu zonse zobweretsa ngozi, ici ndi cimene cili m'manja mwathu.

Ena anganene kuti mwana wa táxi-mota akapanda kuyankha, kasitomala apita kwa wina, ndipo propina siidikira. Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni, sindiipeputsa. Koma tiwerengere bwino. Kupatuka, kuima pambali, kuyankha, n'kunyamukanso, sikutha mphindi imodzi. Kasitomala amene sangadikire mphindi imodzi watayika ndi ndalama ya ulendo umodzi. Mwendo ukathyoka, fupa la munthu wamkulu limatenga miyezi kuti ligwirane, ndipo nthawi yonseyo palibe ulendo, palibe kalasi, semestre yapita. Mota ya bwana iyenera kukonzedwa. Ngati wavulala ndi kasitomala kapena mwana wa eni, pali mlandu ku polisi ndi kubanja la eni. Ndipo kasitomala wanzeru akaona kuti woyendetsa uyu amaima kaye asanayankhe foni, ndi amene amasunga nambala yake, n'kumutumanso kukatenga ana kusukulu.

Lamulo lilipo kale. Código da Estrada ya dziko lathu, imene inakhazikitsidwa ndi Decreto-Lei 1/2011, imaletsa woyendetsa kugwiritsa nchito foni ya m'manja galimoto ikuyenda, ndipo imalamula kuti woyendetsa mota ndi womunyamula avale kapaseti. Apolisi a pa msewu ali ndi mphamvu yolipiritsa multa. Koma wapolisi amaima pa malo amodzi, ndipo aliyense amadziwa kubisa foni akaona yunifolomu patsogolo. Lamulo limagwira dzanja kwa mamita 200. Cimene cimagwira dzanja ulendo wonse ndi zimene munthu amakhulupirira, ndi zimene a kwawo amayembekezera kwa iye. Zimenezo sizipangidwa ku Maputo. Zimapangidwa pakhomo, pa mphasa, ndi m'kalasi.

Tikumbukirenso cimene cili pa mota imeneyo. Mwana wofika ku yunivesite kapena ku IFP wadutsa zaka 12 za sukulu. Kumbuyo kwake kuli matumba a cimanga ndi soya amene anagulitsidwa, mbuzi zimene zinacoka m'khola, mlongo amene anadikira kuti mkulu wake amalize kaye. M'mabanja ambiri iye ndi woyamba kufika pamenepo, ndipo ang'ono ake akuyang'ana kwa iye. Dziko nalo likumudikira: amene ali ku IFP ndi amene adzaime kutsogolo kwa ana 60 kapena kuposa m'sukulu za kumidzi kumene aphunzitsi ndi osowa. Zonsezi tingaziike pa sikelo mbali imodzi, mbali inayo tiikepo mawu akuti "ndili panjira". Palibe kholo limene lingasankhe mawuwo. Koma tikamaumirira yankho la pompopompo, tikusankha mosadziwa.

Ndiye ticite ciyani? Makolo, ciyambi ndi kukhala naye pansi mwanayo akabwera pa chuthi, kapena kumuimbira madzulo ali m'nyumba, n'kumuuza ndi pakamwa panu kuti: "Mwananga, ukakhala pa mota usayankhe foni yanga. Ngakhale ndiimbe kasanu, usayankhe. Ukafika undiimbire. Sindidzakwiya." Mawu amenewa ayenera kunenedwa, pakuti mwana sangawaganizire yekha. Akatero, sungani lonjezo. Mukaimba kamodzi osayankhidwa, dikirani theka la ola. Akayankha ndipo mukumva mphepo ndi kulira kwa injini, funso loyamba likhale lakuti "uli pa mota?" Akavomera, dulani foni inuyo. Musanene kuti "ndingonena mwacidule". Nkhani ya maliro kapena ya matenda ndiye musaiyambe n'komwe kwa munthu amene ali pa msewu. Muuzeni aime kaye.

Aphunzitsi ndi atsogoleri a turma, zosintha za mawa zituluke madzulo a lero. Zikasintha mwadzidzidzi, wocedwa cifukwa sanaone uthenga ali panjira asalangidwe. Mawu akuti "yankhani tsopano" tiwasinthe akhale "yankhani mukafika". Ku pulayimale, tikamaphunzitsa kuwoloka msewu, tiwonjezere cinthu cimodzi: mwana asadalire kuti wa mota wamuona, ayang'ane nkhope ya woyendetsa, ndipo akaona kuti wawerama pa foni adikire adutse. Nkhaniyi ilowenso pa msonkhano wa makolo ndi wa conselho de escola. Lamlungu lacitatu la mwezi wa Novembala ndi tsiku limene dziko lonse limakumbukira anthu amene anafa pa ngozi za pa msewu. Sabata imeneyo ndi nthawi yabwino yocita masamu aja a mamita ndi masekondi ndi ana, n'kupita nawo pa bwalo kukayeza mamita 83 ndi mapazi awo, kuti aone ndi maso kutalika kwake.

Okwera kumbuyo, inunso muli ndi pakamwa. Ambiri timakhala cete poopa kuoneka ovuta, makamaka atsikana akanyamulidwa ndi mnyamata wamkulu kwa iwo. Koma mota ikagwa, wa kumbuyo ndi amene kawirikawiri alibe kapaseti. Sipafunika kukalipa. Ndi zokwanira kunena kuti: "Acimwene, taimani kaye muyankhe, ine sindikufulumira." Akakana, tsikani, mulipire pamene mwafikapo, mukwere ina. Mukakhala m'galimoto ya mnzanu, mutengereni foniyo muziwerenga ndi kuyankha inuyo. Tiphunzitse ana athu aakazi ndi aamuna kuti kunena zimenezi si mwano, ndipo wamkulu amene wauzidwa ndi mwana asacite manyazi.

Inu ophunzira amene mukuwerenga, musadalire mphamvu ya mtima wanu, pakuti foni inapangidwa kuti izikukokani. Musanalize injini, tumizani uthenga umodzi kwa amene akukudikirani: "Ndikunyamuka, ndiyankha ndikafika." Zimitsani kulira ndi kunjenjemera komwe. Foni ilowe m'cikwama ca kumsana, osati m'thumba la buluku pamene dzanja limafika lokha. Ngati mukudikira uthenga wofunika, sankhani malo oima panjira, kunja kwa phula, kutali ndi pokhota ndi pa mlatho. Kuima pa mphambano kudikira kuti magalimoto adutse si nthawi yowerenga mauthenga. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti ali panjira, lekani kumutumizira zithunzi ndi mafunso mpaka afike.

Comaliza ndi ca ife akuluakulu. Aphunzitsi ambiri a kumidzi timayenda pa mota kupita kusukulu, ku misonkhano ya ZIP ndi ku boma kukatenga malipiro. Ana amationa tikudutsa. Mwana wa zaka 10 amene waona aphunzitsi ake kapena bambo ake akuyendetsa ndi dzanja limodzi, foni ili kukhutu, waphunzira kale phunziro limene adzaligwiritse nchito akadzafika zaka 20, ndipo palibe cikwangwani cimene cingafafanize zimenezo. Akationa tikupatuka, tikuima, tikuyankha, n'kunyamukanso, waphunziranso. Kuthamanga sikufika.

Pempho langa kwa kholo lililonse limene lili ndi mwana ku sukulu za pamwamba ndi limodzi. Usiku uno, nthawi imene mukudziwa kuti wafika pamene amagona, muimbireni. Mufunseni za maphunziro monga mwa masiku onse. Kenako muuzeni kuti kuyambira lero ali ndi cilolezo canu cosayankha foni yanu akakhala pa msewu, ndipo kuti mudzadikira.